Pansi Pakayamba Kutupa, Zelipa, Unene

Dambwa, Livingstone
Lachiwiri masana

Zelipa mwana wanga,

Amayi ako andithamangitsa m'nyumba, akuti ndikuwapingapinga pamene akulongedza katundu wako, ndiye ndakhala pakhonde pano ndi cholembera. Iwe wapita m'tauni kukatsanzika anzako. Sabata ino ndayesa katatu konse kukuuza zimene zili m'kalata muno. Ndimayamba bwinobwino, koma ndisanafike n'komwe pamene ndikufuna, iwe wavomera kale zonse, wathokoza, wanyamula makapu wapita kukhitchini. Munthu angalangize bwanji mwana amene amavomera asanamve? Choncho ndalemba. Uwerenge mpaka kumapeto, ngakhale zilembo zanga masiku ano zikuyenda ngati nkhanu.

Mawa ukwera basi ya ku Lusaka, mkuja ndege, kenaka uli ku Ethiopia, m'munsi mwa phiri limene m'mimba mwake muli moto. Lamulungu kutchalitchi azimayi anandizungulira. "Ba Tembo, ni zoona Zelipa ayenda ku phiri ya mulilo? Simuyopa imwe?" Ndinaseka ngati munthu wolimba mtima. Ndikuopa, mwanawe. Ndikuopa moti dzulo ndinathirira mapapaya kawiri m'mawa umodzi osazindikira. Koma chimene ndikuopa kwambiri si motowo ayi. Ndikuopa pakamwa pako. Iwe ukhoza kuona denga likupsa, koma ngati wamkulu ali pakati polankhula, ungadikire kaye kuti amalize. Kumene ukupitako khalidwe limenelo likhoza kukupha, n'kuphanso anthu ena. Ndipo amene anakupanga chotero ndine.

Ndiyambe ndi ntchito yakoyo, uone ngati ndinamvetsa zimene unandifotokozera patebulo tsiku lija. Unati pansi penipeni pali mwala wosungunuka, umene inu ophunzira mumati magima. Ukamakwera kufuna potulukira umakankha nthaka ya pamwamba, ndipo nthakayo imatupa. Si kutupa koti woyenda pansi n'kuona ayi, n'kochepa ngati chikhadabo, mwina ngati chala. Inu mumazika zipilala kuzungulira phirilo, n'kumangirirapo makina olankhulana ndi masetilaiti ndi ena omva kupendekeka kwa nthaka, ndipo tsiku ndi tsiku mumawerenga kuti chipilala chakuti chakwera motani, chakuti chasunthira kuti. Unati chotupacho chikakhala chotakata ndi chofatsa, chokankhacho chikadali kutali pansi. Chikakhala chochepa koma chosongoka, ndiye kuti chafika pafupi.

Ndiyeno panali mbali imene inandikhazika tsonga. Unati mwala wosungunukawo simuuona, simungaukhudze, koma katupidwe ka nthaka kamakuuzani ngati ndi wamadzimadzi kapena wolimba ndi wonanda. Wamadzimadzi umathamanga m'ming'alu, umadzing'ambira njira yopyapyala, nthaka imasuntha msangamsanga, ndipo ukhoza kukatulukira kutali ndi kumene anthu onse akuyang'ana. Wolimba suthamanga. Umaunjikana pamalo amodzi, umakankha pang'onopang'ono, umasunga mpweya wake m'kati, ndipo tsiku lophulika sukambirana ndi munthu. Unatinso ngakhale kukankha kutaleka, nthaka yofunda imapitirirabe kusuntha kwa kanthawi, ndipo kachedwedwe kakeko nakonso kamakuuzani zina. Utamaliza unandifunsa kuti, "Mwamva, atate?" Ine ndinadzuka n'kutuluka panja. Unayesa kuti zandivuta. Sizinandivute. Zimenezo ndinaziona ndi maso angawa, pansi pa khitchini ya loji ina ya alendo ku Nakatindi, iwe uli ndi zaka zinayi. Ndifikako. Undilole ndiyambe ndi zopusa zazing'ono kuti dzanja likhazikike kaye.

Nditangofika kuno kuchokera ku Katete, ntchito yanga yoyamba inali yogwira ndodo ya manambala, pamene woyeza malo akusuzumira mu levulo, makina a miyendo itatu oonera kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Tinali kuyeza ngalande ya madzi a mvula chakumadzulo uko, kumene nyumba zimathera n'kuyamba tchire. Pa ntchito yotero pamakhala chikhomo chimodzi chimene manambala onse amayambira. Anandiuza kuti ndichithire simenti kuzungulira ndisanaweruke. Ine ndinati ndidzathira mawa, n'kuthamangira kukaonera mpira. M'mawa mwake ndinalawirira n'kupeza chikhomo chagona chagada, pambali pake mulu wa ndowe ya njovu ukadali wofunda. Ha! Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe munthu. Ndinatola mwala, n'kuchikhomeranso pamene ndinaona ngati ndi pomwe chinali, n'kuthira simenti yanga mwaudongo kwambiri. Woyeza malo atabwera anandiyamikira kuti ndine mnyamata wosamala.

Ngalande inamangidwa, yokongola. Mvula yoyamba itagwa, madzi m'malo mopita kudambo anabwerera m'mbuyo n'kukalowa m'nyumba ya mayi wina wogulitsa kapenta. Mayiyo anatipeza tili chiimire, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno. "Imwe ba ngalande, manzi yanayamba liti kukwela chulu? Mwaphunzila kuti sukulu?" Aliyense anaimba mlandu levulo, akuti inagwa m'galimoto. Inenso ndinagwedeza mutu kuti eee, levulo imeneyi. Tinakumbanso ngalande yonseyo m'mwala wakuda uja wa kuno, umene iwe unandiuza kuti kalekale unali wamadzimadzi, unkayenda ngati mtsinje. Ukanaugunda ndi piki m'mwezi wa Okutobala sukananena mokoma chotero. Zelipa, kumeneko mbuzi idzakhula msana pa chipilala chako, ana adzakwerapo, mwina iwe mwini udzachigunda ndi chikwama. Usadzakonze mwakachetechete. Ulembe kuti lero chipilala chagundidwa, ndipo wachigunda ndine. Chikhomo chikasuntha, manambala onse otsatira ndi bodza, ngakhale atalembedwa mwaudongo.

Cholakwa chachiwiri ndinalakwira iwe, ndipo sindikudziwa ngati ukukumbukira. Ndikunama, ndikudziwa kuti ukukumbukira. Unali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Akuluakulu a mpingo anabwera kunyumba kuno kuti ndiwawerengere malata a denga la holo. Ndinali nditavala malaya oyera, pensulo kukhutu, ndikulankhula ngati injiniya. Iwe unabwera ndi madzi osamba m'manja, n'kusuzumira papepala langa, n'kunena kuti, "Atate, mwaiwala mbali inayo ya denga." Akuluakulu aja anaseka. Mmodzi anati, "Ba Tembo, mupase mwana pensulo." Nkhope yanga inatentha. Alendo atapita ndinakugwaditsa m'kolido mpaka mawondo ako anachita zidindo za simenti, ndikukuuza kuti mwana, makamaka wamkazi, salowerera akulu akamalankhula. Amayi ako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwamuthyola mwanayu." Ndinawauza kuti asandiphunzitse kulera.

Mbali ya dengayo ndinaiiwaladi. Ndinakonza pepalalo ndekha m'mawa mwake, n'kukalipereka ngati linali lotero kuyambira kale, ndipo iwe sindinakuuze kanthu. Kuyambira tsiku limenelo sunanditsutsenso. Anthu akhala akundiyamikira kuti ndinalera mwana waulemu, ine n'kumatukumuka. Koma taona ulemu wakewo. Diresi ya tsiku lolandira digiri yako, telala wa mu msewu wa Mosi-oa-Tunya anakusokera mkono umodzi waufupi, ndipo iwe unati, "Ili che bwino, zikomo maningi." Sabata yatha m'sitolo anakupatsa majombo okuthina, unabwera nawo ukutsimphina kuopa kuvutitsa wogulitsa, mpaka ndinakabweza ndine. Majombo okakwerera phiri, Zelipa! Ndinalakwa, mwana wanga. Iwe unalondola tsiku lija, ndipo ndinayenera kukupatsadi pensuloyo.

Tsopano za ku Nakatindi. Izi amayi ako sakuzidziwa zonse, ndipo ndiwauza ndekha iwe ukapita.

Nthawi imeneyo ndinali nditakwera, levulo ndinkasuzumira ndine. Kampani imene ndinkagwirako inapatsidwa ntchito pa loji ina. Pansi pa khitchini yawo panali kutitimira, chifukwa anamanga pamchenga pamene kale panali dzenje. M'malo mogumula, anaganiza zoboola timabowo m'konkire n'kupopera phala la simenti pansi pake kuti likankhe konkireyo ibwerere m'malo. Ntchito yanga inali imodzi. Ndinaika zizindikiro pakati pa chipinda ndi m'munsi mwa makoma, ndipo ndinkaima pa levulo kuyang'ana ngati zikukwera. Pampu inkasokosa kwambiri moti mawu sankamveka, choncho tinapangana kuti ndikaona chachilendo ndikweze dzanja, pampu izime. Wogwira paipi pa bowo, atagwada pafupi ndi khoma, anali Ba Mubita. Eya, omwewo, osoka nsapato pansi pa mtengo mu Mosi-oa-Tunya, amene ankakusokera nsapato za kusukulu n'kumakutcha "ba dokota." Masiku amenewo anali ndi miyendo iwiri yabwinobwino, ndipo ankapalasa njinga kuchokera ku Maramba tsiku lililonse.

Tsiku loyamba kapitawo anasakaniza phala lamadzimadzi. Tinapopa kuyambira m'mawa, konkire osasuntha ngakhale pang'ono. Ine, poti ndinali ndi mantha, ndinakweza dzanja katatu. Katatu konseko anazimitsa pampu, tinayeza, panalibe kanthu, ndi maso anga okha amene ankavina ndi kutentha. Anzanga anayamba kunditcha wapolisi wa pamsewu. Chakumasana tinamva mayi wochapa zovala akukuwa kuseri. Tinathamangira kumeneko n'kupeza simenti yathu yonse ikubwatuka m'maluwa, kutali ndi khitchini, pafupi ndi mpanda. Inali itapeza mng'alu wake pansi n'kuthawa. Mwini loji anatukwana kapitawo pamaso pathu, akuti alendo akubwera kumapeto kwa sabata ndipo khitchini ili ngati khola.

Tsiku lachiwiri kapitawo anabwera nkhope ili gwaa. "Lelo tipanga yolimba, siizathaba. Na iwe Tembo, sinifuna kuona kwanja kwako mumwamba na vopusa. Ukaimisa pampu futi pali zero, uyende ku nyumba." Phala la tsiku limenelo linali lolimba moti pampu inkabuula. Ndinasuzumira. Pakati pa chipinda, pamene tinkafuna kuti pakwere, panali zii. Ndinatembenuzira levulo kukhoma. Chizindikiro cha m'munsi mwa khoma, pafupi ndi bondo la Ba Mubita, chinali chitakwera milimita imodzi. Ndinapukuta maso. Ziwiri. Chizindikiro chinzake, mapazi ochepa chabe kuchokera pamenepo, sichinasunthe. Unati chiyani paja, chochepa koma chosongoka? Ine mawu amenewo ndinalibe, koma thupi langa linadziwa. Phala lija silinathawe, linaunjikana pamalo amodzi pansi pa maziko n'kuyamba kunyamula khoma.

Ndinalemba m'buku kuti zitatu. Kapitawo anabwera kumbuyo kwanga n'kusuzumira paphewa. Anakuwira m'khutu mwanga kuti, "Iyo ni misiteki! Chipupa sichingakwele, chilemela maningi. Levulo yako yadya zuba. Futa!" Zelipa, ndinatembenuza pensulo n'kufufuta. Ndinalemba ziro. Iye anapita kukaona osakaniza simenti. Ndinasuzumiranso, zinayi. Khoma linali loyera bwinobwino, lopanda mng'alu, mashelefu a konkire ali phee pamwamba pake. Ndinadziuza kuti mwina ndi dzuwadi. Ndinadziuza kuti ndiwerengenso kamodzi kokha. Ndinaganiza za iwe ndi amayi ako, ndi mmene ndikalowere pakhomo nditachotsedwa ntchito. Dzanja langa linali apa, pa mwendo wa levulo, ndipo linalemera ngati thumba la simenti. Zisanu. Kenaka kunamveka kuti thee, ngati munthu wathyola nkhuni, ndipo khoma lonse pamodzi ndi mashelefu ake linagwera m'kati.

Ba Mubita tinawafukula ndi manja. Anali moyo, koma chiuno ndi mwendo wamanzere zinali zitaphwanyika. Mwendowo unatsala, koma sunapindikenso mpaka lero. Patapita masiku kunabwera anthu kudzafunsa mmene zinachitikira. Anapempha buku langa, ndinawapatsa. Munali maziro okhaokha, olembedwa bwino. Iwo anati ndiye kuti khoma linagwa mwadzidzidzi, ndipo wolakwa ndi wogwira paipi, anakhalitsa pa bowo limodzi. Ba Mubita analumala mwendo, n'kutayanso ntchito ndi mbiri yawo. Ine ndinapitiriza kugwira ntchito zaka zambiri, mpaka kupuma mwaulemu, anandipatsa ndi wotchi yapakhoma ili pabalaza ija. Ndipo patangopita zaka zisanu chigwereni khomalo, mwana m'nyumba mwanga anaona nambala yolakwika n'kunena, ine n'kumugwaditsa m'kolido. Ndikuganiza kuti sindinakulange chifukwa cha mwano. Ndinakulanga chifukwa unachita mosavuta chimene chinandikanika ine.

Amayi ako akhala akudabwa zaka zonsezi kuti bwanji ndimapititsa kwa Ba Mubita nsapato zosang'ambika. Amati ndili ndi matenda a nsapato. Lachisanu lapitali ndinatenga majombo ako atsopano aja, amene ndinakasinthitsa, kuti akawadutsitsenso ulusi. Ndinakhala pa kabenchi kawo, magalimoto a alendo akudutsa kupita ku mathithi, ine ndikuyang'ana pansi. Kenaka ndinangoyamba. Ndinawauza zonse, za zitatu zija, za kufufuta, za zisanu. Iwo sanaleke kusoka. Nditamaliza anakoka ulusi ndi mano, n'kunena kuti, "Ba Tembo, nenze naziba."

Ndinati, "Munadziwa bwanji?"

"Ine sinenze kuyangana chipupa. Nchito yanga yenze kuyangana imwe. Ninaona nkhope yanu yachinja. Ninakamba mu mutima ati manje bazaimya kwanja. Nenze kulindila che kwanja."

Ndinalira pamenepo, pamsewu, mdala wa imvi. Iwo anandisiya ndilire. Kenaka anati, "Manje mwabwela kuniuza pambuyo pa zaka zonse izi kuti nichite navo chani?" Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindinawapemphe, chifukwa ndinaona kuti kupempha kukhala kuwasenzetsanso katundu wanga. Anamaliza jombo lachiwiri, analigogoda pabondo lawo labwinolo, n'kundipatsa. "Izi sizizang'ambika. Vinangu mumuuze mweka mwana."

Ndiye ndikukuuza. Kumene ukupitako kuli anthu okhala m'munsi mwa phirilo, oweta ziweto zawo, otuma ana kukatunga madzi. Iwo sayang'ana phiri, analizolowera, anabadwa lilipo. Adzakhala akuyang'ana inu a makina. Adzaona galimoto yanu ikukwera ndi kutsika, n'kumati ngati kuli kanthu atiuza. Ukadzaona nambala yachilendo, ukumbukire kuti pali munthu wagwada pafupi ndi khoma amene akudikira dzanja lako. Unene, Zelipa.

Ukagwira ntchito ndi anthu akuluakulu, maprofesa, azibambo a imvi ngati ine amene akhala ndi phirilo zaka zambiri. Uwalemekeze, amadziwa zambiri, ndipo nthawi zambiri iwo adzalondola, iwe n'kulakwa. Koma tsiku lina mmodzi adzasuzumira paphewa pako n'kunena kuti chimenecho n'cholakwika, makina atenthedwa, chotsa. Mwina adzanena mokoma, akumwetulira, ndipo kumeneko ndiye koopsa kwa munthu ngati iwe. Usachotse. Uyezenso, ufunse chipilala chinzake, ulembe zonse ziwiri, n'kulemba pambali kuti akuti ndi dzuwa koma ine sindikukhulupirira. Ndipo usangolemba. Ine ndinalemba zitatu zija, zinathandiza yani? Unene ndi pakamwa, pali anthu ena akumva. Ukaona kuti mawu akukanirira pakhosi, uimirire kaye, munthu woimirira savutika kuyamba kulankhula. Ndi mmene ndinkachitira pa misonkhano ya mpingo.

Udzalakwitsa, zimenezo usakayike. Udzaimitsa anthu ntchito pachabe, mwina adzakupatsa dzina ngati lija anandipatsa ine. Uwaleke aseke. Dzina la wapolisi wa pamsewu likanatha pa mwezi umodzi ndikanalipirira. Ndinalithawa, n'kusenza china chimene chandikhalira zaka zoposa makumi awiri. Kusekedwa sikupweteka nthawi yaitali, ndakuuza ine amene ndinayesa zonse ziwiri.

Usakhulupirire bata. Khoma lija linali loyera mpaka mphindi yomaliza. Iwe mwini unandiuza kuti wolimba uja ndiye wofatsa pamwamba. Ndipo usayang'ane pokhapo pamene akuluakulu akuloza. Tsiku loyamba simenti inatulukira m'maluwa ife tikuyang'ana m'khitchini, tsiku lachiwiri inanyamula khoma ife tikuyang'ana pakati pa chipinda. Uzitembenuza levulo yako, kaya makina anuwo mumawatembenuza bwanji. Ndipo manambala akadzanena kuti chokani, uchoke. Usabwerere kukatenga batire, kaya kompyuta, kaya chipewa cha bwana. Ndikukudziwa iwe, ukhoza kubwerera m'moto chifukwa chinthucho n'chobwereka. Makina amagulidwa ena.

Zina ndi zazing'ono, amayi ako akuuza kale kakhumi. Uzimwa madzi usanamve ludzu. Usavale majombo osagwedeza kaye, kumalo kouma kumakhala zinkhanira. Chakudya chikakuvuta unene, usamangomeza kuopa kukhumudwitsa wophika. Upeze anthu opemphera nawo, ngakhale nyimbo zawo usazidziwe. Uziimba foni Lamulungu lililonse, ndipo amayi ako akafunsa kuti uli bwanji, usamati "bwino" ngati suli bwino. Ife tili kutali, nkhope yako sitidzaiona, tidzangodalira zimene wanena. Panopa akusita bulauzi yako yobiriwira ija kachiwiri. Akuti inakwinyika, koma sinakwinyike.

Chatsala chimodzi, ndipo chandivuta kulemba kuposa za khoma. Tsiku limene uthenga unabwera kuti akutenga, unandipeza kuseri ndikumanga mpanda wa nkhuku. Unali ukumwetulira mpaka m'makutu. Ine m'malo mokondwera ndinati, "Kodi miyala ya kuno yatha, kuti ukafune ya moto?" Kumwetulira kuja kunazima pomwepo. Unagwada pafumbi n'kunena kuti, "Atate, mukanena kuti ndisapite, sindipita." Zaka zonse za sukulu, mayeso onse aja, chinthu chimene unachifuna ndi mtima wako wonse, unangochiika m'manja mwanga chifukwa ndakwinya nkhope. Ndinadziwa kuti sukunama. Ndinakuuza kuti pita, koma ndinanena ndi pakamwa pokha.

Ndimadzidziwa, mwana wanga. Mawa pasiteshoni, katundu wako akalowa pansi pa basi, dalaivala n'kuliza injini, ndidzakugwira dzanja. Ndakhala ndikudziletsa sabata yonse, koma ndikumva mawuwo akubwera, ndipo sindikhulupirira kuti ndidzawagwira. Ndidzati, "Zelipa, usapite. Ntchito ipezeka konkuno. Amayi ako sali bwino, ine ndakalamba." Mwina ndidzalira pamaso pa makondakitala ndi ogulitsa mabanzi. Ndidzanena ndi mawu a atate ako, ndipo ndidzakhala ndikunenetsa. N'chifukwa chake kalatayi sindiibisa m'sutikesi kuti ukaipeze kutsogolo. Ndikupatsa pamanja ukangolowa pageti, uiwerenge lero.

Ndikadzanena zimenezo, undiyang'ane m'maso. Unene kuti, "Ayi, atate, mwalakwa," mokweza, amayi ako amve, kondakitala amve. Uchotse dzanja lako m'dzanja langa, ukwere. Zidzandipweteka, ndipo mwina ndidzakwiya mpaka basi itakhota. Usatsike. Ukatsika ndidzakhala nawe pano pakhomo, wamoyo, waulemu, ndipo sindidzadzikhululukira mpaka kumanda. Koma ukandikanira ine, ndidzabwerera kunyumba ndikudziwa kuti palibe profesa kumeneko amene angakutseke pakamwa.

Uyambire pa ine, Zelipa.

Ndine atate ako,
amene akukuopera ndipo akukunyadira.